Hanimuni ya ku Manjenje

"Ndiye mukuti kumeneko kulibe anthu?"

"Anthu aliko, eni dziko. Amene kulibe ndi alendo."

"Athawa chiyani?"

"Chisanu."

"Ndiye ife tikalowe kumene anzathu akutuluka chothawa?"

Wofunsayo anali a Sindikhala, Nduna ya Maulendo mu ufumu wa Tidyenawo, bambo amene chilandirireni udindo agalu a kunyumba kwawo ankawauwa ngati mlendo. Woyankhayo anali Ndaziona, yemwe mwezi wathawo ankaphunzitsa pa sekondale, koma tsopano anali mkazi wa Mfumu Bwantasa Yachiwiri, ndipo aliyense ankamutchula kuti Mayi a Fuko, ngakhale amene anamuona akuyamwa. Bwalo lonse la nduna linali litasonkhana pa nkhani imodzi yokha: hanimuni, kaulendo kaja amapita mwamuna ndi mkazi ukwati ukangotha, kuti akapume kutali ndi abale.

Ndaziona anali atasankha dziko lina la kumpoto kwenikweni, kutsidya kwa nyanja zamchere. Dzina lake lenileni linkalumitsa lilime aliyense woyesa kulitchula, choncho anthu anangoti ku Manjenje. Anasankhanso mwezi wa Disembala, pamene kuno mvula imakhala itagwira koma kumeneko chipale chimakwirira nyumba mpaka m'mawindo. Nthawi imeneyo alendo sapitako. Mahotela amakhala pululu, mabwato amamangidwa, dzuwa limatuluka mochedwa ngati wantchito wa boma nkuweruka anthu asanatsuke mbale za nkhomaliro. Ndondomeko yake inali yaifupi: kanyumba kamatabwa m'mbali mwa nyanja youma gwa, sitima yodutsa m'mapiri oyera mbee, kamsika ka makandulo, ndi kuwala kobiriwira kumene amati kumavina kuthambo. Pabwalo iye ananena kuti nyengo yopanda alendo zinthu zimatsika mtengo. Nduna zinamuyang'ana mwachifundo, monga mmene timayang'anira mwana amene watukwana asakudziwa.

Chifukwa chenicheni sanachinene. Ndaziona ankafuna kumva mawu a mwamuna wake.

Ku Tidyenawo Mfumu silankhula ndi munthu. Imanong'oneza m'khutu la mneneri wake, a Mbwerezeni, ndipo iwowo ndiwo amatulutsa mawuwo poyera. Chibwenzi anafunsira ndi a Mbwerezeni. Kutchalitchi, abusa atafunsa funso lija, "Inde" anayankha ndi a Mbwerezeni, mokweza ndi mwachikondi moti akazi awo anatuluka akulira. Tsiku lililonse ankaperekeza banjalo mpaka pakhomo la kuchipinda nkunena kuti, "Mfumu ikuti mugone bwino," ndipo mkatimo Mfumu, posowa khutu lovomerezeka, inkangomwetulira, nkumusisita padzanja, basi.

Chimene chinkamusowetsa mtendere Ndaziona chinali ichi. Mfumu ikanong'oneza nthawi yaitali, maso akuseka, a Mbwerezeni ankangoti, "Mfumu ikuti zikomo." Ikanong'oneza kamodzi, ngati ikuuzira phala, a Mbwerezeni ankalankhula mpaka mthunzi kusuntha. Penapake pakati pa kamwa ndi khutu pankatayika munthu, ndipo munthuyo ndi amene iye anavomera kukwatiwa naye. Ankafuna malo amene kulibe khutu lina koma lake.

"Mayi a Fuko," anatero a Sindikhala akufikisa m'manja mwaulemu, "inu ndinu atsopano, ndiye tikuthandizeni. Malamulo a ulendo wa Mfumu ndi awiri. Loyamba, Mfumu situluka pachipata popanda nduna yoiperekeza nkuiuza kuti ipite bwino. Lachiwiri, Mfumu sifika pamalo popanda oichingamira: nthungululu, ng'oma, amayi ovina. Mfumu yofika mwakachetechete akhoza kuiimika pamzere nkuifunsa chiphaso ngati munthu."

"Ngati munthu!" linang'ung'udza bwalo lonse, ena mpaka kugwira pamtima.

"Tsono poti ku Manjenje kulibe khamu, khamu tinyamula lathu."

"Hanimuni ndi ya anthu awiri," anatero Ndaziona.

"Zoona, Mayi. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Koma sananene kuti kuyenda ambiri ndi mlandu."

Pamenepo nduna iliyonse inakumbukira kuti ili ndi ntchito yofunika ku Manjenje. Ya Ulimi inati ikufuna kukaona mmene alimi a kumeneko amakhalira osalima miyezi yambiri koma osapempha chimanga. Ya Madzi inati yamva kuti kumeneko madzi amaima okha popanda ndowa, ndipo luso limeneli likhoza kupumitsa mitu ya amayi. Ya Magetsi inaimirira misozi ili lengelenge.

"Anzanga, dziko limene kumakhala mdima pafupifupi tsiku lonse, anthu osadandaula, osatukwana nduna pawailesi! Ndikapanda kukaphunzira chinsinsi chimenecho, mbiri idzandiweruza."

Nduna ya Chuma sinapereke chifukwa chilichonse. Anzake ndiwo anagwirizana kuti siingatsale yokha ndi nkhokwe, ndipo iyo inavomera kuti ikanakhala iwo, ikanateronso.

Kenaka anatembenukira ku ndondomeko ya Ndaziona, nayamba kuisenda ngati chinangwa.

"Kanyumba kamatabwaka kali ndi zipinda zingati?"

"Chimodzi."

"Nanga a Mbwerezeni akaima pati?"

"Limenelo ndiye funso labwino," anatero a Mbwerezeni.

"Nyanja youmayo," inafunsa Nduna ya Zomangamanga, "boma la kumeneko linaitsegulira kale?"

"Nyanja satsegulira, Olemekezeka. Imangokhalapo."

"Ndiye kuti sinatsegulidwe. Mfumu ikaitsegulira. Lembani riboni ndi sizasi."

"Kuwala kovina kuthamboko kumayamba nthawi yanji?" anafunsa a Sindikhala.

"Sikudziwika. Masiku ena kumaoneka, ena ayi."

"Auzeni kuti kudikire Mfumu ikhale kaye pansi."

Ndaziona anayesa kufotokoza za chisanu. Anati si chisanu chowothera moto wa zitsononkho ayi, ndi chisanu choumitsa misozi isanafike patsaya. A Sindikhala anaseka mokoma mtima.

"Mayi a Fuko, musatiderere. Chisanu ife timachidziwa. Juni wa chaka chija ine ndinavala majuzi awiri, mufunse aliyense."

Mfumu inaweramira kwa a Mbwerezeni nkunong'oneza nthawi yaitali, ikuyang'ana mkazi wake. Ndaziona anatchera khutu mpaka khosi kuwawa.

"Mfumu ikuti zikomo," anatero a Mbwerezeni.

M'mawa mwake wailesi inalengeza Sabata ya Kuzolowera Chisanu. Munthu aliyense analetsedwa kunena kuti kwatentha, poopa kufooketsa a paulendo. Nduna zinakachitira msonkhano m'chipinda chozizira cha kophera ng'ombe, pakati pa miyendo ya nyama yopachikidwa, ndipo zitatuluka tiyi asanapole, wailesi inati ufumu wa Tidyenawo wagonjetsa chisanu.

Ndaziona anapita kumsika wa Tsitsaniko kukaona azakhali ake, a Nankhoma, ogulitsa kaunjika. Anafunda chitenje kumutu kuti asadziwike, ndipo aliyense anamupatsa moni mwaulemu ngati sakumudziwa.

Pabenchi pa a Nankhoma panali nkhondo. Majekete aubweya aja amabwera m'mabelo, amene zaka zonsezi palibe ankawafuna ndipo ankangophimbira tomato kapena kugonekapo ana, tsopano akazi a nduna ankalandana. Wina anagwira mkono uwu, wina mkono uwo, onse akutchulana kuti achemwali.

"Kokani bwino, mabwana, ali ndi mikono iwiri yokha!" anakuwa a Nankhoma. Kenaka anatsitsa mawu. "Nda, mwana wa achimwene, Mulungu akudalitse. Majeketewa anachokera komweko ku Manjenje. Anabwera okha, akubwerera kwawo ndi anthu mkati."

"Azakhali, musandiseke. Ine ndimafuna ulendo wa awiri."

"Walira mvula walira matope. Unkaganiza kuti ukukwatiwa ndi munthu mmodzi?"

Pambali pake panakhala a Nasimango, ogulitsa nyemba, amene anavinira mafumu pabwalo la ndege kuyambira ali mtsikana. Ndaziona anawafunsa ngati apeza kale jekete.

"Ine? Atichotsa, mwanawe. Akuti ulendo uno avina akazi a nduna. Pafumbi timavina ndife, pachipale avina eni ake." Anapeta nyemba zawo mosatekeseka. "Dzulo anabwera kuti ndiwaphunzitse. Wina ndinamuuza kuti agwedeze chiuno, anagwedeza chikwama. Zili bwino. Changa chiuno ndikachipumitsira kumunda, udzu sukudikira hanimuni."

"Iwe Nda," anatero a Nankhoma akukoka thumba lina pansi pa benchi, "ndili ndi maambulera abwino. Otsala kunyumba yachifumu adzawafuna, mvulayi yakwiya. Akutsala ndani, ndimusungire?"

Ndaziona anatsegula pakamwa kuti atchule dzina. A Sindikhala akupita. Ya Ulimi ikupita. Ya Madzi, ya Magetsi, ya Chuma. Anadutsa bwalo lonse m'mutu mwake, mpando ndi mpando, mpaka pakhomo. Nduna iliyonse inali italembetsa kuti ikachingamira Mfumu ku Manjenje. Yoiperekeza pachipata panalibe, pakuti woperekeza ndi munthu wotsala.

"Bwanji wangoti kakasi?"

"Palibe, azakhali. Maambulerawo agulitseni kwa ena."

Pali mwambi uja amafunsana ana a sukulu, wa munthu wofuna kuwolotsa fisi, mbuzi ndi mtolo wa chinangwa m'bwato laling'ono. Anthu amavutika nawo chifukwa amafuna kuti zonse ziwoloke bwino. Palibe amene amafunsa kuti zikanatha bwanji mwini bwato akanakhala kuti watopa nazo zonse zitatu. Ndaziona anabwerera kunyumba yachifumu akuyenda ngati munthu wosenza mazira pamutu.

Pamsonkhano wotsatira sanatsutse kanthu. Anavomera riboni, anavomera ng'oma, anavomera ngakhale mbuzi zimene Nduna ya Ulimi inati zikhale mphatso kwa a ku Manjenje. Anangopempha kufunsa kafunso kamodzi, poti iye ndi watsopano.

"Mfumu ikadzatsika ndege, woyamba kuigwira dzanja adzakhala ndani?"

"Ine," anatero a Sindikhala.

"Inu mudzakhala m'ndege momwemo, kumbuyo kwake," inatero Nduna ya Madzi. "Wogwira dzanja ndi amene wayamba kufika nkuima kutsogolo kwa mzere."

Aliyense anayamba kuyang'ana mnzake ngati anthu amene aona ndiwo zatsala nthuli imodzi.

"Ine nditsogola," anatero a Sindikhala, "kukaona ngati bwalo la ndege lasesedwa."

"Inenso nditsogola," inatero Nduna ya Madzi, "kukaona ngati a Sindikhala aona bwino."

Posakhalitsa aliyense anali wotsogola. Ndipo poti ankadziwana, anapempha lamulo lowateteza kwa anzawo: aliyense adzaima pamalo ake pamzere, ndipo wochokapo Mfumu isanatsike ndege, kaya akuti akukawotha moto, kaya akukagula zinthu m'tauni, unduna wake wathera pomwepo. Anaombera m'manja lamulolo kwa nthawi yaitali.

Panatsala a Mbwerezeni, amene sankachoka pambali pa Mfumu ngati nkhupakupa pakhutu la galu.

"Bambo Mbwerezeni," anatero Ndaziona mofatsa, "ndikungodandaula chinthu chimodzi. Atolankhani a kumeneko adzafuna kumva mawu a Mfumu isanafike. Poti inu mudzabwera pambuyo ndi ife, kapena a Sindikhala akhoza kukuyankhulirani?"

A Mbwerezeni anaimirira ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Mawu a Mfumu alibe wobwereka! Ndiponso mwambo wake ndi womveka: bingu limayamba kumveka, mvula nkumabwera pambuyo. Mawu ayenera kutsogola. Ndipita ndi ndege yoyamba."

Apa ndi pamene zinthu zinatsala pang'ono kuwonongeka. Kumapeto kwa tebulo kunali a Kalekale, Nduna ya Miyambo, nkhalamba imene anthu ankaiyesa kuti ili mtulo. Inatsegula diso limodzi.

"Nanga woperekeza Mfumu pachipata?"

Nduna zonse zinayang'ana pansi. Ina inayamba kuwerenga zala zake, ina inapeza ulusi wofunika kuuchotsa pamalaya. Aliyense ankalidziwa funsolo kuyambira tsiku loyamba, ndipo aliyense ankadziwanso chimene chimachitikira munthu wolifunsa.

"Mwafunsa mwanzeru, a Kalekale," anatero a Sindikhala pang'onopang'ono. "Ndiye poti mwambowu mukuudziwa bwino ndinu, bwanji mutsale ndinu?"

A Kalekale anali atagula kale jekete lofika m'mapazi. Anatseka diso lija.

"Ndimatsokomola chabe," anatero.

Ndipo mlembi wa bwalo analemba kuti Nduna ya Miyambo inatsokomola.

Ananyamuka motsatizana, ndege zitadzaza mpaka ng'oma kuzikhazika pamiyendo. Akazi a nduna anavala zitenje za nkhope ya Mfumu pamwamba pa majekete, moti nkhopeyo inatambasuka ngati ya munthu wolumidwa ndi njuchi. A Mbwerezeni analowa m'ndege akuyeserera mawu olonjera, nthunzi ya mpweya wawo ili m'maganizo kale.

Tsiku la ulendo wa Mfumu linacha ndi mvula yamvumbi. Galimoto inaima pakhonde, masutikesi atalongedwa. Mfumu inayenda mpaka pachipata, Ndaziona ali pambali pake, niima pamene imaima nthawi zonse, kudikira nduna yoti inene kuti pitani bwino. Inayang'ana kumanja. Inayang'ana kumanzere. Kunali mlonda, dalaivala ndi nkhuku yonyowa.

"Ndinene ndine, Mayi?" ananong'ona mlonda.

"Ndinu nduna?"

"Ayi, Mayi."

"Ndiye musadziike m'mavuto."

Mfumu inaima mpaka madzi kulowa m'nsapato, kenaka inatembenuka nkubwerera m'nyumba.

Masana foni inalira. Anali a Sindikhala, mano akuwombana ngati zisekese.

"Ma-mayi a Fuko, ta-taima pamzere. Mfumu ili pati?"

"Ili pano. Ikudikira woiperekeza."



"Mmodzi wa inu abwere adzaiperekeze," anatero Ndaziona. "Ndege yobwerera ilipo, ndipo mipando ndi yambiri. Paja ino si nyengo ya alendo."

"Wo-wochoka pamzere unduna watha, Mayi."

"Zoonadi. Munaliombera m'manja lamulolo."

"Mfumu isa-isankhe nduna ina kumeneko!"

"Ingathe. Koma wolengeza nduna yatsopano ndi mneneri. Ali nanu pamenepo?"

"Ali wa-wachitatu pamzere. Mlomo wawo wamatirira ku chi-chitoliro cholankhulira. Mayi, chisanu cha kuno si cha Juni."

"Ng'oma zikulira?"

"Zikopa zauma. Amayi akuvina, koma sitikudziwa ngati ndi gu-gule kapena kunjenjemera. Eni dziko akutijambula. Ena atiponyera mabulangete. Mbuzi zokha ndiye azilowetsa m'nyumba."

"Limbani mtima, Olemekezeka. Musataye malo anu."

Mbiri inafika ku Tsitsaniko isanafike kuwailesi. Misewu inali pululu, popanda mdipiti wa magalimoto a nduna woimitsa anthu padzuwa. Minibasi zinkafika anthu asanayambe kutukwana. Magetsi, posowa wowayang'anira, anaiwala kuzima.

"Abale, dziko likuyenda lokha," anatero a Nasimango, khasu lili paphewa. "Kodi sangawawonjezere masiku?"

"Musatero," anatero a Nankhoma. "Ndi anthu a Mulungu. Tiwatumizire masokosi. Ndili nawo belo lathunthu, mtengo wake tikambirana."

Kunyumba yachifumu kunali bata limene makoma ake anali asanalimvepo. Ndaziona anatulutsa mipando iwiri pakhonde la kuseri, loyang'ana kumitengo ya mango. Anafulula yekha tiyi. Kanyumba kamatabwa kanapita, sitima inapita, kuwala kobiriwira kunali kuvinira nduna ngati kunavina nkomwe. Koma chimene ankachifuna ku Manjenje chinali pano: malo opanda alendo, mwamuna mmodzi, ndi khutu limodzi lokha loti limve.

Mfumu inakhala pansi. Inavula chisoti nkuchiika pamaondo, ndipo Ndaziona anaona koyamba masana kuti ili ndi kadazi. Inamwa tiyi. Inayang'ana mvula, inayang'ana mkazi wake, maso aja akuseka. Kenaka inaweramira kumanzere, monga mwa masiku onse, milomo itakonzeka, nipeza mpweya wokhawokha. Inakhala choweramira choncho kanthawi, ngati munthu amene waponda sitepe imene palibe.

Ndaziona sanaithandize. Anaika kapu yake pansi mosaliza, nadikira.

Mfumu inawongoka. Inakonza kukhosi kamodzi, kawiri. Mawu atatuluka anali aang'ono, osasa, ngati chitseko cha nyumba imene eni ake anasamuka kalekale. Koma anali ake.

"Ndaziona," inatero, "kodi anthu akatsala awiri okha, amakambirana chiyani?"